Kamakina kolankhula, foni kapena buku: randi yanu ipite kuti kuno ku Joni?

Abale athu ambiri amene angofika kumene kuno ku Joni, makamaka opeza ntchito ya m'nyumba, ya m'galadeni kapena ya ulonda, amafunsa funso limodzimodzi, kuti kodi timakina tolankhula tija ta dikishonale n'tothandizadi kapena n'kungotaya ndalama. Ine ndimakonza mafoni m'tauni muno nde tinthu totere timadutsa m'manja mwanga, wina kubwera nako kuti kasiya kuyaka, wina kuti ndimusonyeze kagwiritsidwe kake, wina akungofuna kukagulitsa apeze ya lendi. Chimene ndaona n'choti pali mavuto awiri amene anthu amawaphatikiza. Pali munthu amene Chizungu amachimva ndithu koma akufuna kuchinola, adziwe mawu atsopano ndi katchulidwe kake, ndiye pali munthu amene akufuna womumasulira pompopompo bwana akamalankhula. Ambiri amagula kamakina kothandiza woyambayo pamene iwo vuto lawo ndi lachiwirilo, kenako amakwiya kuti anawabera.

Tiyambe ndi akale aja, otsekula pakati, m'mwamba kasikirini kotuwa ka mizere yochepa, m'munsi mabatani a zilembo ndi batani lina loti ukadina kamatchula liwulo mokweza. Odziwika kwambiri ndi a kampani ya ku America ya Franklin, imene inayamba kutulutsa timakina tokonza sipelo cha m'ma 1980, ndipo ambiri mwa olankhulawo ali ndi mawu a dikishonale ya Merriam-Webster mkati. Masiku ano mumawapeza kwambiri m'mashopu a katundu wogwiritsidwapo kale, pa Facebook Marketplace, kapena madamu akamayeretsa m'makabati n'kukupatsani kuti mwana wawo anakula sakufunanso. Mukapatsidwa landirani ndi manja awiri, musakane.

Ubwino wake ndi wakuti zonse zili mkati momwemo. Safuna data, safuna netiweki, safuna simu, magetsi olo azime tsiku lonse kamagwirabe ntchito bola muli ndi mabatire ang'onoang'ono a AAA, amene mumagula ngakhale pa spaza, timaokala ta m'makomboni. Ndipo wakuba sakayang'ana n'komwe. Amene amayenda wapansi ku Hillbrow kapena kudutsa pa renki ya taxi ya Bree madzulo akudziwa kuti kutulutsa foni pagulu si nkhani yamasewera, pamene kamakina aka mutha kukatsegula muli pa mzere wodikira taxi mtima uli m'malo. Alonda a usiku ndi amene ndawaona akupindula nako kwambiri, chifukwa malo ena antchito salola kuti muziseweretsa foni muli pa geti, koma kudina mawu angapo pa kadikishonale palibe amene amadandaula, usiku umatha munthu ataphunzira kanthu.

Chinthu chimene ndimachikonda kwambiri pa a Franklin ndi choti sipelo ukaiphonya kamayesa kuganiza kuti umafuna chiyani. Ife Chichewa timalemba mmene timamvera, chilembo chilichonse chimamveka, pamene Chizungu chili ndi zilembo zongokhala chete, nde munthu wamva bwana akunena liwu, wapita ku buku, wafufuza tsamba lolakwika mpaka kutopa chifukwa liwulo limayamba ndi chilembo chimene sichimveka. Pa kamakina mukalemba nolij kamakubweretserani knowledge, mukadina batani kamatchula, inu n'kutsimikiza kuti eya ndi lomwe lija ndinamva. Kungoti mukamalemba musamawonjezere i kapena u kumapeto mmene timachitira polankhula, chifukwa anakakonza poganizira mmene Azungu amaphonyera sipelo osati mmene ife timaphonyera, mukalemba nolejii kamasochera. Komanso nkhani ya l ndi r, imene kwa ife imamveka chimodzimodzi, kamakina kamathandiza zedi, mumadina liwu la l kenako la r, mobwerezabwereza, mpaka khutu lizolowere kusiyanitsa. Munthu sangakubwerezereni liwu kambirimbiri osatopa kapena kukusekani, kamakina kalibe zimenezo.

Koma kali ndi malire ake ndipo muwadziwe musanatulutse ndalama. Choyamba mulibe Chichewa, ndi Chizungu kufotokoza Chizungu chinzake, ena ali ndi Chifalansa kapena Chisipanishi zimene kuno sizikuthandizani kanthu. Ngati sukulu munalekezera Sitandade 5 mudzapeza kuti tanthauzolo ndi lovuta kuposa liwu limene mumafufuza, mufufuzenso mawu a m'tanthauzomo, mpaka mwaiwala pamene munayambira. Amene anafika Fomu 2 kapena Fomu 4 ndi amene kamawakomera. Chachiwiri katchulidwe kake ndi ka ku America, pamene ife kusukulu tinaphunzira ka ku Britain ndipo Chizungu cha kuno ku South Africa nacho chinatsamira konko, nde mawu ena kamatchula mosiyana ndi mmene madamu anu amatchulira, sipelonso zina n'zosiyana, mwana wasukulu akatengera zimenezo aphunzitsi amuchongera kuti walakwa. Ndipo mawu enieni a kuno kamakina sikawadziwa. Mukafufuza robot sikakuuzani za maloboti a pamsewu, geyser kakuuzani za kasupe wa madzi otentha wotumphuka pansi pamene bwana akunena thanki ya madzi otentha ya kudenga, bakkie, galimoto ya pikapu, mwina simuipeza n'komwe. Mawu akenso ndi a nthawi imene kanapangidwa, sikawonjezera atsopano.

Mawu ake enieniwo, kunena kamvekedwe, amasiyana. Ena akale kwambiri amalankhula mwachitsulo, mawu opangidwa ndi makina, pa kasipika kakang'ono mumangomva phokoso makamaka muli m'chipinda chimene anthu akucheza. Ena anajambula munthu weniweni ndipo amamveka bwino. Ikani mahedifoni, kusiyana kwake n'kwakukulu, pafupifupi onse ali ndi pobayira.

Mukamagula kogwiritsidwapo kale chitani izi muli pomwepo. Tsegulani kumbuyo kokhala mabatire muone ngati muli fumbi loyera kapena lobiriwira pa tizitsulo, chimenecho n'chizindikiro choti mabatire anaolera momwemo, nthawi zina timapala n'kuyaka koma nthawi zina madzi ake amakhala atadya mpaka mkati. Dinani batani lililonse, A mpaka Z, chifukwa batani limodzi likafa mawu onse okhala ndi chilembo chimenecho mwawataya. Tsekani n'kutsegula kangapo mukuyang'ana sikirini, mizere ina ikamazimiririka ndiye kuti kawaya kopyapyala kodutsa popindikira pakati paja kayamba kuduka, ndipo ndikuuzeni monga wokonza, sipeya zake sizipezeka, mukabwera nako kwa ine ndingokubwezerani. Samalaninso ndi a Casio otchedwa EX-word kapena a Besta amene amaoneka okongola, a sikirini yaikulu. Ndi makina olimba ndithu ndipo opangidwa mwaluso, koma ambiri a Casio anapangira ana asukulu a ku Japan ndipo a Besta ambiri ndi a olankhula Chitchaina, mabatani ndi malangizo zili m'zilembo zawo, mudzangokayang'ana.

Tsopano atsopano aja, amene amati ongolankhulira n'kumasulira, ooneka ngati kafoni kakang'ono ka batani limodzi kapena awiri. Apa ndi pamene ndalama za abale athu zikupita pachabe ndipo zimandipweteka. Pabokosi amalemba kuti zilankhulo zoposa 100, munthu n'kuganiza kuti pa zilankhulo zonsezo Chichewa sichingasowe. Koma nambala imeneyo nthawi zambiri amawerengera ndi kalankhulidwe ka mayiko, Chizungu cha ku America, cha ku Britain, cha ku Australia, cha ku India, chilichonse pachokha, Chisipanishi chimodzimodzi, Chiarabu chimodzimodzi. Kagwiridwe kake ka ntchito ndi aka: kamajambula mawu anu, kuwatumiza pa intaneti ku makompyuta a makampani akuluakulu, kumeneko amawasandutsa zolemba, kuzimasulira, kenako n'kubweza ngati mawu. Ndiye kuti popanda intaneti kamakhala chete, kupatula zilankhulo zikuluzikulu zochepa zimene mungaike mkati, ndipo otchipa ena sagwira n'komwe ntchito pokhapokha mutawalumikiza ku foni yanu pa Bluetooth. Ganizirani, mwagula chinthu chimene chikudalira foni imene muli nayo kale, kuti chichite zimene foniyo imachita yokha mwaulere.

Alipo abwino, monga Pocketalk ya ku Japan kapena Vasco ya ku Poland, amene amabwera ndi simu yake mkati ndipo maikolofoni ake amamva bwino ngakhale paphokoso. Koma mtengo wake ndi masauzande a ma randi, ndalama yoti ena mwa ife ndi lendi kuphatikizapo yotumiza kumudzi, ndipo anapangira munthu woyenda m'mayiko amene akufuna Chijapani, Chijeremani, Chitchaina. Ngati mumagwira ntchito m'shopu ya Mtchaina ku Dragon City kapena ku China Mall ndipo bwana wanu Chizungu chimamuvuta, pamenepo kangathandize pakati pa Chizungu ndi Chitchaina, koma olo pamenepo yambani mwayesa foni. Pa Chichewa, kuti makina amve munthu akulankhula n'kumasulira molondola ndi ntchito yovuta kuposa kumasulira zolemba, ndiye chilankhulo chikhoza kukhala pamndandanda koma chili cha zolemba zokha. Musakhulupirire bokosi, lankhulani Chichewa chanu chenicheni m'shopu momo mumve chimene katayankhe.

Palinso zolembera zija zoti mukayendetsa pa mzere wa m'buku zimawerenga mokweza n'kupereka tanthauzo, monga C-Pen. Kwa mwana amene kuwerenga kukumuvuta n'zothandiza, koma zimafuna zilembo zosindikiza zooneka bwino, kakalata kolemba pamanja kamene madamu asiya pa fuliji sizikawerenga bwino, ndipo n'zodula. Ndingozidutsa.

Foni ndiye imene ndimauza anthu ambiri, ndipo si chifukwa choti ndimakonza mafoni ayi. Google Translate inaika Chichewa mu 2014, Chizulu chinali chitalowa kale mu 2013, Chisutu chinalowa limodzi ndi chathu, Chixhosa mu 2016, ndipo abale athu a kumpoto Chitumbuka chinalowa mu 2024. Chimene ambiri sadziwa n'choti kuyambira 2023 Chichewa, Chizulu, Chisutu ndi Chixhosa mukhoza kuziika m'foni kuti zizigwira ntchito popanda data. Mumangopeza wifi, kaya kuntchito kaya ku molo, kutsegula pulogalamuyo, kupita pamndandanda wa zilankhulo n'kudina kamuvi koloza pansi kali pambali pa Chichewa, basi mwathana nazo, bandulo ikatha mumamasulirabe zolemba. Onetsetsani kaye kuti foni ili ndi malo, mafoni athu ambiri adzaza ndi mavidiyo a m'magulupu a WhatsApp. Kamera nayo imathandiza, mukaloza pa chikwangwani, pa kalata ya lendi kapena pa botolo la mankhwala ochapira imawerenga n'kumasulira, ngakhale izi zimayenda bwino mukakhala ndi intaneti.

Pa katchulidwe foni imaposa kamakina kakale kutali. Masamba a Cambridge Dictionary ndi Oxford Learner's Dictionaries ndi aulere ndipo liwu lililonse lili ndi tisipika tiwiri, ka ku Britain ndi ka ku America, inu dinani ka ku Britain. Matanthauzo akenso analembera munthu wophunzira Chizungu, amagwiritsa mawu osavuta ndi zitsanzo za ziganizo, osati ngati dikishonale yolembera eni chilankhulo. Ilo ndi phindu lalikulu kwa amene analekezera panjira sukulu.

Kumasulira kwa Chichewa kwa pafoni kumathandiza kuti mumve mutu wa nkhani, koma musakuyese munthu. Mukalemba liwu limodzi lokha makina amangosankha tanthauzo limodzi, mwachitsanzo mtengo, sangadziwe kuti mukunena wa m'galadeni kapena wa katundu, ife timasiyanitsa ndi kamvekedwe pamene polemba n'chimodzimodzi. Nde lembani chiganizo chathunthu, chachifupi, Chichewa choongoka chopanda miyambi ndi zining'a, sipelo yolondola osati yodula ya pa WhatsApp. Ndipo mukamasulira uthenga wopita kwa bwana, tengani Chizungu chatulukacho muchibweze ku Chichewa muone ngati chikunenabe zimene mumafuna. Ndinaonapo mayi wina akufuna kupempha tchuthi cha maliro, uthenga unatuluka wouma ngati akulamula, ulemu wonse umene anaika m'Chichewa unatayikira panjira, mwamwayi anandionetsa asanatumize tinaukonza. Vuto lina la foni ndi lodziwikiratu, imabedwa, batire limatha, komanso mwalowa kuti mufufuze liwu limodzi mwapezeka muli pa TikTok. Kwa mwana wasukulu ichi ndiye chifukwa chenicheni chimene ndimanenera kuti kamakina kakale kapena buku ndi bwino kuposa kumupatsa foni.

Buku anthu analitaya msanga koma ine ndimaliikira kumbuyo. Pa zonse ndatchulazi ndi buku lokha limene lili ndi Chichewa chosanjidwa ndi anthu amene anakhala pansi zaka zambiri kusonkhanitsa mawu. Dikishonale ya Chichewa ndi Chizungu ya Steven Paas, imene Oxford University Press inasindikiza mu 2016, ili ndi mbali zonse ziwiri, kuchoka ku Chichewa kupita ku Chizungu ndi kubwerera, ndipo liwu likakhala ndi matanthauzo angapo imakupatsani onse inu n'kusankha nokha, zimene makina omasulira sachita. Iliponso pa intaneti. Ngati wina akubwera kuchokera kumudzi pa basi mutumeni akayang'ane m'mashopu a mabuku ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Kwa ana obadwira kuno amene Chichewa chikuwathawa, Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies ku Zomba ndi wofunika kukhala nawo m'nyumba, umafotokoza Chichewa m'Chichewa. Ndipo kwa mwana amene ali pasukulu kuno mugulireni dikishonale yasukulu yosindikizidwa kuno konkuno, imakhala ndi mawu a Chizungu cha South Africa ndi sipelo imene aphunzitsi amafuna. Kungoti buku silitchula, ndipo kuti mupeze liwu muyenera kudziwa kale chilembo choyamba, apa ndi pamene kamakina kapena foni zimalowera. Buku ndi foni pamodzi zimakwanirana.

Chimene palibe kamakina kangakupatseni ndi chilankhulo cha mumsewu, ndipo kuno ku Joni ndi chimene chimafunika tsiku ndi tsiku kuposa Chizungu cha m'buku. Dziko lino lili ndi zilankhulo zovomerezeka 12, ndipo m'taxi, pa renki, kwa alandilodi a ku Soweto, Alexandra kapena Diepsloot, chimene chimamveka kwambiri ndi Chizulu ndi Chisutu, zosakanikirana ndi zina. Kuti mutsike mumakuwa short left kapena after robot, kuti muimitse taxi yopita m'tauni mumaloza chala m'mwamba, ndipo mukakhala mpando wakutsogolo ndalama za anthu onse zibwera kwa inu kuti muwerengere dalaivala, zimenezi mulibe m'dikishonale iliyonse yolankhula. Ife tili ndi mwayi poti Chizulu ndi chibale chathu, amanzi ndi madzi, inyama ndi nyama, umuntu ndi munthu, khutu limagwira msanga mukamamvetsera wailesi ya Chizulu ya Ukhozi FM kapena kucheza ndi anzanu a kuntchito osachita manyazi. Agogo athu amene anabwera ku migodi nthawi ya Wenela anaphunzira Fanakalo, chilankhulo chosakaniza cha kumigodi, ndi makutu okha. Funsani amene anakutsogolerani kuno, ku tchalitchi, ku mzikiti, m'magulu a chipereganyu ndi a maliro, nthawi zonse pamakhala wina amene amathyola Chizulu bwinobwino ndipo sakana kukuphunzitsani.

Pali malo atatu amene ndikupemphani, achimwene ndi achemwali, musadalire makina a mtundu uliwonse: kuchipatala, kupolisi kapena kukhoti, ndi posaina kontirakiti ya ntchito kapena ya nyumba. Liwu limodzi likaphonyeka pa kamwedwe ka mankhwala kapena pa sitetimenti, zotsatira zake mumasenza ndinu. Tengani munthu wodziwa bwino zilankhulo zonse ziwiri amene mumamukhulupirira. Kukhoti, malamulo aakulu a dziko lino mu gawo 35 amanena kuti woimbidwa mlandu ali ndi ufulu woti mlandu wake uzengedwe m'chilankhulo chimene amamva, kapena amumasulire, nde nenani poyera kuti mukufuna womasulira Chichewa, musavomere ndi mutu zinthu zimene simunamve chifukwa cha mantha.

Ngati mwatsimikizabe kuti mugula kamakina katsopano, pitani ndi mnzanu ndipo pitani ndi mawu anuanu olemba papepala, ena a kuntchito kwanu, ena a Chizungu cha kuno, ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu za Chichewa. Wogulitsa ali ndi mawu ake amene amadziwa kuti amatuluka bwino, musalole kuti ayese yekha. Muuzeni azimitse wifi muone chimene chatsala. Funsani ngati data ya mkatimo imatha ndipo ikatha mumalipira zingati. Lisiti musaisiye, lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act limapereka miyezi 6 yobwezera katundu amene wapezeka ndi vuto, koma popanda lisiti mkangano wake ndi wovuta, ndipo ngati wogulitsa akulumbira kuti Chichewa chilimo muuzeni alembe zimenezo pa lisitipo n'kusaina. Akayamba kuzengereza, bwezani ndalama m'thumba muzipita.